Amayi Ali m'Chipinda cha Papaya

Lolemba

Kodi anayambitsa ndani zoti mkamwini azithawa apongozi ake? Munthu wamkulu, wandevu zake, wodziwa kumasula bomba lopopera madzi n'kulimanganso, akangoona mpango wa amayi patali, uyo walowa m'chimanga. Dzana pa ukwati wathu, amayi akubwera ndi mphatso, mwamuna wanga Tomasi n'kubisala kumbuyo kwa padirinyu, mboni ya ukwatiwo. Anthu onse: "Eee, mwana waulemu!" Ulemu wanji? Ine ku universidade ndaphunzira kayendetsedwe ka ntchito zaka zonsezi, sindinamvepo za anthu awiri oyendetsa zinthu atafulatirana.

Koma basi, zimenezo tazisiya ku Fonte Boa. Tili pa luwa de meli, ulendo wa okwatirana kumene! Kapensau kokongola, paphiri, kunja kwa Ulongwe. Zipinda zinayi zokha, chilichonse ndi dzina lake: Koko, Papaya, Nanazi, Mango. Ife tili mu Koko. Makoma a nsungwi zonyezimira, sopo wonunkhira, matawulo opindidwa ngati abakha. Pabwalo pali pisina yosambiramo ndi migwalangwa iwiri ya pulasitiki. Pa foni pamaoneka ngati kunyanja yamchere.

Pulanu yanga:
- lero kupuma
- mawa pisina ndi zithunzi
- Lachitatu chakudya cha makandulo, ndiye ndimuuze

Ndimuuze kuti empreza ina ya ku Tete yandilemba ntchito, ndikuyamba Lolemba likubwerali, ndipo tikusamuka tonse awiri. Iye sakudziwa. Amayinso sakudziwa, amusungira kale dimba lakumtsinje kuti azilima kachewere ngati mkamwini aliyense. Ndikufuna "inde" wake tisanabwerere kumudzi. Akangoponda m'dimba muja, kwatha.

Lachiwiri

Kuzizira! Udzu wayera ndi chisanu, migwalangwa ya pulasitiki ikudontha mame. Ndinaiwala kuti Juni ndi Juni, kaya chipinda chikhale ndi dzina la koko, chipatso cha kotentha.

Koma chovala chosambira ndinagula, ndiye ndichivala basi. Ndaima m'mbali mwa pisina, mano akuombana, Tomasi akundijambula atavala makazaku awiri. Madzi ake obiriwira. Ndaviikamo phazi limodzi, ndalitulutsa lili ngati la munthu wina.

Mwini pensau, Dona Filomena, atulukira ndi thireyi ya tiyi. Akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kubwereranso kumutu. "Mphuno iyi ndikuidziwa. Si iwe mwana wa aNaphiri a ku Fonte Boa?" Kani iwo ndi amayi anakhala msasa umodzi ku Dedza nthawi ya nkhondo, ankabwerekana poto. Andifunditsa kapulana, andipsompsona masaya onse awiri, alowa m'nyumba ndi foni. Ndangomvako pang'ono: "Ali bwinobwino, kungoti alibe zovala."

Palibe vuto. Amayi sakonda maulendo.

Lachitatu

Vuto lilipo.

Amayi afika pa mota, njinga yamoto, m'mawa, ndi:
- mabulangeti awiri
- juzi langa la ku sekundariya
- thumba la kachewere
- nkhuku yamoyo

Akuti akungosiya katundu. Dona Filomena alira, amayi alira, ndipo pano amayi ali m'chipinda cha Papaya, mwaulere, "mpaka titamaliza kucheza". Papaya ndi Koko khoma lake ndi limodzi. La nsungwi! Amayi akayetsemula, ine ndi amene ndikunena kuti pepani.

Komanso pensau ino ili ndi meza imodzi yokha, yaitali, alendo onse amadyera pamodzi. Pa foni analemba kuti "ngati banja limodzi", ine n'kumaona ngati zachizungu zosangalatsa. Tomasi sangadye apongozi akuona. Ndiye chakudya changa cha makandulo: ine, amayi, Dona Filomena, ndi nkhani ya mayi wina amene anaba mchere ku msasa ine ndisanabadwe.

Tomasi ndamupeza m'bafa, mbale ili pamaondo. Ndatseka chitseko, ndakoka mpweya. "Amor, pali nkhani." Iye chala pakamwa, akuloza khoma: "Tsitsa mawu, angamve kuti ndikutafuna."

Lachinayi

Ntchito ndayamba kale, koma si ya ku Tete. Ndine wonyamula mawu.

Amayi akhala pakhonde atafulatira zenera lathu. Tomasi wanjuta mkati, kuseri kwa nsalu ya pazenera. Atatambasula dzanja akhoza kuwakhudza mpango. Akumvana bwinobwino! Koma ayi, zonse zidzere mwa ine.

"Uwafunse apongozi ngati agona bwino."

"Uwauze amayi kuti ndagona bwino, kaya iwo."

"Uwauze kuti kudimba kuja madzi ayamba kuvuta."

"Uwafunse amayi, mtsinje uli kumtunda kwa mizere kapena kumunsi?"

Ndayesa kukonzako pang'ono uthenga. "Amayi, akuti za dimba iwo alibe nazo chidwi kwenikweni." Kuseri kwa nsalu kwamveka chifuwa ngati cha munthu womira. Amayi, osatembenuka: "Si zimene ndamva ine." Nanga ngati mwamva, ine ndikuvutikiranji?!

Mpaka dzuwa kupendeka: mapaipi, manyowa, mbewu yofiira kapena yoyera. Chiyambire chibwenzi chathu, munthu ameneyu sanachezepo nane nthawi yaitali chonchi. Ndipo lero sikuti amacheza ndi ine.

Lachisanu

Pulanu yatsopano: kumutulutsa. Tikwere phiri awiriwiri, pamwamba palibe khoma la nsungwi.

Kungoti njira ya kuchipata imadzera pakhonde, ndipo pakhonde pali amayi ndi Dona Filomena, akusenda nyemba. Tomasi: "Tidikire adzuke." Sadzuka! Nkhani ya mchere yatha, pano ali pa ya mbuzi ya abambo mfumu a ku tchalitchi cha misau.

Ndamuuza atulukire pazenera la kubafa. Watulukadi. Watera pa bomba la pisina, foni yake yapitirira mpaka m'madzi obiriwira aja. Ine ndikulira foni, iye wagwada akuyang'ana bomba ngati wapeza m'bale wake wotayika. "Ichi n'chifukwa chake madzi sakuyera." Wapempha sipanala.

Phiri lilipobe, likundiyang'ana.

Madzulo bomba likulira, Dona Filomena akululutira. Atulutsa lina lakale m'nyumba yosungira katundu, akuti ndi mphatso ya ukwati. Tomasi akuti akhoza kulidzutsa, likathirira dimba lonse. Amayi, nkhope ili kukhoma: "Uwauze apongozi kuti manja awo ndi odala." Sindinawauze. Wamva yekha, akumwetulira mpaka makutu.

Mphatso yanga ya ukwati ndi bomba lothirira dimba limene ndikulithawa.

Loweruka

Uthenga wochokera ku empreza: nditsimikize lero ngati ndikufika Lolemba.

Nthawi ya matabishu, chakudya cham'mawa. Amayi ali pameza, Tomasi akumwa tiyi kuseri kwa chitseko cha Koko. Ndaika kapu pansi mwamphamvu mpaka supuni yagwa. Ndanena mokweza, kuti nsungwi zonse zimve:

"Amayi, muwauze apongozi anu kuti Lolemba ndikuyamba ntchito ku Tete!"

Dona Filomena aima ndi buledi m'manja.

Amayi akonza mpango, ayang'ana chitseko. Chitseko chenichenicho, osati khoma. "Apongozi, mwamva?"

"Ndamva, amayi."

Popanda ine! Koyamba chibadwire! Ndimati chitukuko chafika ku Angoniya. Kenako ndamvetsera zimene akukambirana.

Amayi: "Ntchito sakana. Tinamuphunzitsiranji?"

Tomasi: "Zoona amayi, apite ndithu, ndi wanzeru uyu."

Amayi: "Koma mbewu ya kachewere yaphuka kale, singadikire."

Tomasi: "Singadikire, amayi."

Agwirizana. Ine ndipite mawa. Iye atsale, abzale, athirire, akakumba anditsatire. Palibe wandifunsa. Dona Filomena akuti banja lomvana chonchi sanalionepo.

Pambuyo pake Tomasi wandigwira dzanja m'bafa, maso ali ofiira pang'ono. Akuti akunyadira, akuti andisowa. Ndinatsala pang'ono kumukhululukira, mpaka anafunsa: "Koma bwanji sunandiuze msanga?"

Ndatuluka. Ndakakhala pansi pa mgwalangwa wa pulasitiki. Ndayankha empreza kuti inde.

Lamulungu

Dzuwa latuluka, lofunda bwino. Pisina yayera mbee, pansi pakuoneka. Lero, tsiku lonyamuka.

Amayi alawirira ku misa. Kwa kanthawi tinatsala awiri okha m'chipinda cha Koko, monga mmene ndinkafunira sabata yonse. Tinakhala pabedi. Tinapinda mabulangeti.

"Ndikubwera tikangokumba," akutero. Ine ulimi ndinakuliramo, ndikuudziwa. Akakumba kachewere mvula igwa, mvula ikagwa ndi chimanga, chimanga chikatha ndi nyemba. Ndamuuza kuti ndidzabwera ndekha kudzamuzula pamodzi ndi kachewere wakeyo. Waseka. Akuganiza kuti ndi nthabwala.

Dona Filomena andipatsa botolo la jamu, akuti ndilembeko mawu abwino pa foni kuti alendo ena abwere. Ndalemba: "Malo abwino kubwera ndi banja lonse."

Pokwerera shapa, minibasi ya ku Tete, bomba lija lamangidwa kale pa mota ya Tomasi, pamalo pomwe ndikanakhala ine. Tomasi walowetsa mutu pazenera. Foni yake ikadali m'mbale ya mpunga kuti iume, siinadzuke.

"Ukafika uwaimbire amayi," akutero. "Iwo andiuza."

Ndapsompsona chipumi chake chodetsedwa ndi mafuta a bomba, ndatseka zenera. Chovala chosambira ndachiika pamwamba penipeni m'chikwama, paja ku Tete ndiye kumatentha. Thumba la kachewere wa amayi ndalikhazika pamiyendo, ndauza kobradori wotolera ndalama kuti tiyeni.