Fungo la M'makina a Geresomo

Pa Ngabu pano padali munthu mmodzi yekha wonyoza dzuwa, ndiye malemu a Geresomo. Dzuwa lakuno mukulidziwa: ukayanika malaya n'kulowa m'nyumba kukamwa madzi, potuluka upeza auma gwa ngati chikopa. Koma iwo ankati kuyanika panja ndi umbuli.

"Munthu wamkulu n'kumayanika kabudula pamtetete ngati mlamba? Mudzatukuka liti inu?"

Tisanamizane chifukwa adafa, mkuluyu adali wamatama. Adagwira udobi, ntchito yochapa ndi kusita zovala, zaka makumi atatu m'nyumba za mabwana a kuminda ya nzimbe, ndipo popuma ntchito bwana wina adawatayira chimakina choumitsira zovala, chokalamba, chopuma ngati wodwala mphumu. Chidafika pangolo, eni ake akuyenda patsogolo, chifuwa chili nganganga. Adaboola khoma, natulutsira kuseri chipaipi cha mpweya, ndipo tsiku lomwelo adadula chingwe choyanikira cha akazi awo, a Esinala. Magetsi akazima masiku awiri, banja lonse linkadikira ndi zovala zonyowa m'beseni, panja dzuwa likuswa mtengo.

Chaka chachiwiri lidayamba fungo. Poyamba lidali ngati la thumba lonyowa, kenaka ngati la mbuzi yomira m'dambo. Kutchalitchi benchi lawo linkatsala mbee, uku ndi uku.

"Waona, Esinala? Anthu ayamba kudziwa ulemu."

"Ulemu wotseka mphuno ndauonera kwa inu, bambo."

A Geresomo atalimva nawo fungolo, sadavutike kufuna wolakwa. Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala mayi Clotilda, Msena wa ku Nsanje, wogulitsa nsomba zouma.

"Mayi, utsi wa milamba yanu ukulowa m'makina anga. Amenewa ndi akunja, za m'dambo sadazolowere."

"Nkhabe, ayi ndithu, a dobi! Nsomba zanga anthu amagula n'kudya. Jekete lanulo galu wanga akuliuwa."

A Geresomo adaponya m'makinamo makoko a mandimu, sopo wonunkhira, nathiramo botolo lathunthu la perefyumu. Chimene chidatuluka ndi mbuzi yomira yomwe ija, koma yodzola.

Kenaka udafika ukwati wa Hannah, mzime wawo. Mwanayo atabwera kuchokera ku Blantyre Lachiwiri, adagwada kuti awalonjere, koma adabwerera chafutambuyo ndi mawondo omwewo.

"Ababa, ndi fungo ili Loweruka simundiperekeza kuguwa. Adzandigwira mkono ndi amalume."

Mawuwo adawalasa. Amalumewo adali mlamu wawo woweta ng'ombe, munthu amene a Geresomo sankamupatsa ngakhale mpando wakhushoni. Suti idachapidwa kawiri, kuumitsidwa kawiri, fungo n'kumangokula. Adapukuta m'kati mwa makina mpaka adadziona nkhope. Za m'kati ankazidziwa ndithu. Chimene sankadziwa n'chakuti kwa mabwana kuja, mwezi ndi mwezi, wantchito wa m'maluwa ankatokosa chipaipi chakunja ndi waya. Akadadziwa bwanji? Iwo adali munthu wa m'nyumba, ndipo zaka zonsezo wapanja sadamufunsepo ngakhale dzina.

Lachisanu m'mawa mayi Clotilda adaona ntchentche zobiriwira zikupikisana pakamwa pa chipaipicho. Adatenga waya wa pathandala lawo la nsomba, naupinda kunsonga, nalowa popanda odi.

"Musakhudze! Mungathyole chinthu choti simungachitchule n'dzina lomwe!"

"Khalani uko, a dobi. Mwana asalire chifukwa cha inu."

Adakoka. Chidatuluka chimpukutu cha ulusi wa zovala, chakuda, chonyowa, chodzaza dengu. Adakokanso, chidatuluka chisa cha mavu. Kachitatu adatuluka makoswe awiri amene adaona kufunda namangamo banja, n'kupsera momwemo. A Esinala adathawira kuseri kwa khola.

"Alendo anu akunja aja si awa?" adatero mayi Clotilda.

A Geresomo adatola kamtengo. Potembenuza nako chimpukutucho, adapezamo mitu itatu ya milamba imene makoswewo adaba. Nkhope yawo idawala.

"Ndinkanena ine! Nsomba zanu!"

Chipaipi chidatsukidwa ndi madzi otentha ndi phulusa, suti idachapidwanso, ndipo atangoti ayatse makina, magetsi thi! Ukwati mawa, pakhomo palibe chingwe. Suti ya a Geresomo idakayanikidwa pachingwe cha mayi Clotilda, pamsewu penipeni, tsiku la anthu ambiri. Eni ake adaima pambali ndi ambulera, akuuza aliyense wodutsa, ngakhale a kabaza amene sadawafunse:

"Sindikuyanika ayi. Ndikuliyesa dzuwali ngati lingathe."

Ola lisanathe suti idauma. Adaigwiragwira, kuinunkhiza, kuitembenuza kufuna pouipitsira.

"Layesetsa," adatero.

Loweruka adamuperekeza Hannah kuguwa, mwanayo atawakolowekera mkono zolimba, mutu utatsamira paphewa la jekete lija. Mlamu wa ng'ombe adakhala pamzere wachitatu. Amene tidali pafupi tidaona kuti a dobi akupukuta m'maso, koma potuluka adati fumbi la m'tchalitchimo n'losasesa bwino.

Zikomo sadanene, ndipo makina sadawasiye. Kungoti mwezi ukayamba ankapita kumpanda, n'kukhosomola kawiri.

"Mayi, waya uja."

"Ninji? Sindikumva."

"Waya uja, ndati!"

Ndiye ankatukwanizana ola lathunthu, wina akutokosa, wina akulangiza zimene sakuzidziwa.

Adatisiya m'chilimwe chathachi, atadwala sabata imodzi yokha. Tsopano munthu umayenda kuchokera kumsika mpaka kwanu popanda wokuuza kuti kolala yako yapindika kapena kuti ndiwe mbuli, ndipo ukafika umaona ngati lero palibe wakuona. Mayi Clotilda nawo, mwezi ukayamba, amachedwa kupita kumsika. Amakhala pakhonde, dengu litamangidwa kale, waya uli pamwendo, mpaka a Esinala atasuzumira pampanda.

"Pitani, anzanga, msika ukutha. Sakhosomolanso."