Sayirini imene inalira alamu anga ali moyo

Pa ntchito zonse zimene ndagwira ndi manja angawa, pali imodzi imene ndikanakonda ikanakanika. Tsoka lake inatheka bwinobwino, ndipo mudzi wonse unamva.

Ndimakonza mawaya a magalimoto kufupi ndi malire a Mwanza. Mpingo wathu unapatsidwa ambulansi yakalekale, ya mphuno yaitali, imene inakhala zaka pansi pa mtengo nkhuku zikuikiramo mazira. Akuluakulu a mpingo anandipempha kuti ndiidzutse izithandiza odwala a kumidzi. Ndinaidzutsa, ngakhale handibuleki inakana kudzuka nayo.

Ndikusesa m'katimo, pansi pa bedi la wodwala ndinapeza sayirini yake. Sinali ngati zamakonozi. Chinali chitsulo cholemera ngati kamtondo, cha mota m'kati. Palibe anandituma kuti ndiibwezere pa denga. (Mkazi wanga anandifunsa kuti, "Kumudziko mukapatutsa ndani pa msewu, mbuzi?") Ndinakwera, ndinaboola denga, ndinamanga mabawuti. Waya ndinamulowetsa pa kabowo kena, ndipo ndinamulumikiza ku batire mwachindunji kuti izitha kulira ngakhale injini itazima. Apo ndinadziona wochenjera. Pa kabowo kotere pamafunika kamphira koteteza waya kuti asadyeke ndi chitsulo. Ndinalibe. Ndinangokulungapo tepi, n'kunena kuti ndidzagula mawa.

Nditaiyesa, agalu onse a pa malire anayankha.

Nthawi imeneyo alamu anga a Lufeyo, amuna a achemwali anga a Esinati, anali atagona nthawi yaitali m'chipatala ku boma. Achemwali anali atabwerera kumudzi, kupitirira Thambani, kukathyola manachesi asanawolere m'mitengo. Ine ndinatsala wowayang'anira. Tsiku lina m'mawa dokotala anandiitanira pambali. Anati palibenso chimene angachite, kuli bwino munthuyo akapumire kwawo.

A Lufeyo anadziwa ndisanatsegule pakamwa.

"Alamu, andithamangitsa eti? Ndawathera phala."

"Akuti mukapume kunyumba."

"Ndamva. Mapumidwe ake ndikuwadziwa."

Minibasi sakanaitha, njinga ndiye osanena. Ndinapita kukatenga ambulansi ija. Ataiona anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, pakati pa iyi ndi ine, wodwala kwambiri ndani?"

Kenaka anasiya kuseka, nandigwira dzanja.

"Ndikupempheni chinthu chimodzi. Musakalowe nayo m'mudzi. Mukaime kuseri kwa sukulu, nditsike, ndikafike pakhomo panga ndi miyendo yanga. Mlongo wanuyo asadziwe msanga. Ndikufuna andikalipireko kaye ngati kale, asanayambe kundiyang'ana ngati mtembo."

Ndinamvetsa. Kwathu ambulansi imatuluka m'mudzi ndi wodwala. Ikalowa yokha kuchokera ku boma, popanda woiitana, aliyense amadziwa kuti yanyamula maliro. Komanso achemwali anga ndi munthu wa pakamwa. Chikwatirireni, a Lufeyo sanadyepo chakudya osamva kuti asamba m'manja molakwika, ndipo iwo ankakhuta bwino ndi zimenezo. Ndinalonjeza.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, koma msewu wa ku Thambani sumvera munthu. Denga linkanjenjemera ulendo wonse, ndipo chitsulo chinkadya tepi yanga ine osadziwa. Titatsala pang'ono kufika pa sukulu paja, tinatsikira m'kakhwawa kouma, galimoto n'kudumpha. Waya anakhudza chitsulo.

Inayamba pansipansi ngati ng'ombe, kenaka inakwera.

Ndinakanikiza swichi uku ndi uku, osatheka. Kuzimitsa injini sikukanathandiza (nzeru zanga zija). Sipanala yomasulira batire ndinali nditaisiya ku malire. Chotsala chinali kukwera pa denga kukazula waya, koma tinali pa chitunda, ndipo galimoto yopanda handibuleki sungaisiye pa chitunda muli munthu. Kuseri kwa sukulu kunali kotsetsereka. Ndinapitirira kufunafuna malo osalala. Malo oyamba osalala anali bwalo la pakhomo pa a Lufeyo.

"Alamu," anatero kumbuyoko, "kodi tafika mwakachetechete?"

Ndinatsika n'kukwera pa denga. Chitsulo chinali chotentha, nsapato zanga za kutchalitchi zikuterera. Ndili pamwambapo ndinaona zonse. Amayi ankatula mitolo panjira n'kumathamanga manja ali kumutu. Abambo ena anali atayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba, monga timachitira pa maliro. Wina ankathyola masamba oti akaike pa msewu. Achemwali anatulukira kumunda, dengu linagwa, manachesi n'kumwazika bwalo lonse.

"Ali moyo! Anthuni, ali moyo!"

Palibe anamva. Ankangoona munthu wamkulu ali pa denga la galimoto akukupiza manja, kukamwa kuli yasa. (Ndinamva pambuyo pake kuti ena anandiyamikira, ati sanaonepo mlamu wolira mnzake motero.)

Ndinagwira waya ndi manja onse n'kukoka. Anaduka, ine n'kukhala pansi mwamphamvu pa denga lotentha lija. Koma sayirini yakale siileka nthawi yomweyo. Mota yake imazungulirabe, mawu akutsika pang'onopang'ono ngati munthu amene watopa ndi kulira. Mmene mawuwo ankatsika, a achemwali ankamveka bwino.

"Lufeyo iwe! Wandisiya ndi yani? Ndimakukalipira, koma sindimatanthauza, Lufeyo!"

Ndinali ndisanawamvepo akutchula amuna awo dzina. Tsiku limenelo analitchula mudzi wonse ukumva, mwiniwake akumvanso kuseri kwa chitseko.

Ndinatsika n'kutsegula kumbuyo. A Lufeyo anali atakhala tsonga pa bedi, jekete atavala, tsitsi atapesa, zingwe za nsapato atamanga kukonzekera kuyenda. Amayi angapo anathawa. Ena anaseka, misozi ili m'masaya. Wa masamba uja anangowataya pambali n'kumayang'ana kwina.

Achemwali sanathawe ndipo sanaseke. Anayang'ana khosi la amuna awo mmene linkasambira m'kolala, anayang'ana manja, kenaka anayang'ana ine. Ndinayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndinkafuna atatero. Iwo anangopukuta nkhope ndi chitenje.

"Takulandirani, bambo," anatero motsitsa mawu. "Musadzivute kuyenda. Azibambo inu, tawanyamuleni bwinobwino."

Anawanyamula. Nsapato zija sizinaponde dothi. Podutsa pamene ndinaima, a Lufeyo anatembenuza mutu.

"Mawaya mumawatha, alamu. Amva mpaka ku Zobue."

Sayirini ndinaimasula madzulo a tsiku lomwelo, ndipo palibe wa mpingo anafunsa za iyo.

A Lufeyo anakhalako masabata ochepa. Ndinapita kukawaona komaliza Lamlungu lina. Ndinawapeza atagona pa mphasa pansi pa mtengo wa manachesi, achemwali akuwapatsa tiyi. Ndikuona ndi maso angawa, a Lufeyo anakankha kapu ndi chala mwadala. Tiyi anatayikira pa mphasa yatsopano ndi pa chitenje cha achemwali. Anadikira, maso ali pa akazi awo.

"Palibe kanthu, bambo," anatero achemwali. "Ndikuthirirani wina."

Anatola kapu n'kulowa m'nyumba.

A Lufeyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye. Anangomwetulira pang'ono, ngati munthu amene wayesa kiyi womaliza.

"Mwaona, alamu? Mwandilanda mkazi wanga. Uyu ndi nesi."

Anthu amati ndine munthu wosamala, ndipo ndimawasiya azitero. Chimene ndinaphunzirapo n'chochepa, ndiponso chinabwera mochedwa. Munthu wodwala akakupempha kanthu kakang'ono, nthawi zambiri ndi kokhako kamene kamutsalira.