Sabata Yochotsa Alamu Pagolo

Lolemba

Kaundula wa osewera atsekedwa Lachisanu madzulo. Timu yathu yangolowa kumene mu ligi yaikulu, ndipo a Tcheya akuti chaka chino kulibe za chibale. Akunena izi akundiyang'ana ine, kochi wawo. Chifukwa chake ndikuchidziwa.

Anyamata atsopano amene tagula, monga ndawaonera m'mawa uno:

— Wotchinga kumbuyo wa ku Lilongwe: wamtali, mutu wabwino, koma akudandaula kutentha. Sanaone kanthu, dzuwa lenileni la Mangochi silinayambe.
— Wapakati wa ku Katuli: amathamanga osatopa. Kumene akuthamangira amakudziwa yekha.
— Womwetsa zigoli wa ku Blantyre: nsapato mapeyala atatu, ndolo, tsitsi lofiira. Chigoli sindinachione.

Onsewa asayina kale, palibe chimene ndingachite. Atsala ndi malo amodzi, a goloboyi wachitatu, ndipo akulimbirana anthu awiri.

Woyamba ndi Yusufu wa ku Makanjira, wa zaka makumi awiri. Wabwera pa lole ndi magolovesi obwereka, onse awiri a dzanja lamanzere. Mpira sumudutsa. Ndayesetsa kumupezera chifukwa, ndalephera.

Wachiwiri ndi a Jafali. Atchinga golo lathu kuyambira timu ili ya m'mudzi, tikusewera pabwalo la sukulu. Masapota amawatcha Chipupa. Koma mawondo anatha. Akadziponya pansi kuti agwire mpira, kudzuka kwake timachita kudikira.

A Jafali ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a Shakira, mkazi wanga. Ndiwo mwinimbumba, ndiwonso nkhoswe ya banja langa. Nyumba yanga ndinamanga pamalo amene anandilozera iwo, kuno kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi Nkopola. Ine kwathu ndi ku Balaka, kuno ndine mkamwini basi. Ndikawachotsa m'timu, mkazi wanga akwiya. Akakwiya, nkhani ipita kwa ankhoswe. Ankhoswewo ndi a Jafali omwewo.

Ndiye nzeru yanga ndi iyi: sindiwachotsa. Asiye okha. Pofika Lachisanu, thupi lawo likhale litawauza zimene pakamwa panga pakukanika kunena.

Nzeru yabwino kwabasi. Ndadzigulira thobwa lozizira.

Lachiwiri

Kuthamanga pamchenga, dzuwa lili paliwombo. Ndasankha dala. Ndikuti munthu wa zaka zawo akangozungulira kawiri, abwera yekha kudzandiuza kuti mpira wamukwana.

Zotsatira zake:

— Wa ku Lilongwe wasanza, wakagona pamthunzi wa bwato, akufunsa kuti basi ya kwawo imanyamuka nthawi yanji.
— Wa ku Blantyre wakana kuvula nsapato, mchenga walowa, mapazi onse matuza okhaokha.
— Wa ku Katuli wapitirira pomwe tinaika chizindikiro. Tamutumizira wa kabaza kuti akamubweze.
— Yusufu wamaliza bwino.
— A Jafali amaliza oyamba, sakupuma n'komwe mwawefuwefu.

Ndinaiwala kuti munthuyu wakula akukoka khoka pamchenga womwewu. Mawondo awo amadana ndi bwalo louma lokha.

Andigwira paphewa, akuti: "Alamu, tireningi ya lero ndiye yeniyeni. Tizitere kawirikawiri."

A Tcheya andiimbira foni kufunsa chifukwa chimene ndikuwonongera osewera ogulidwa modula. Ndawauza kuti ndi njira yamakono. Adula foni ndisanamalize.

Kunyumba mayi a Shakira amva kale kuti achimwene awo aposa anyamata onse. Andiikira mutu wa kampango wonse m'mbale yanga. Ndadya ndi manyazi, koma ndamaliza.

Lachitatu

Lero za pagolo zenizeni. Ndalamula mipira yapansi yokhayokha, yakumakona, kuti alamu adzionere okha.

Wayamba Yusufu. Palibe umene wadutsa. Ubwino wake wandipsetsa mtima. Ndamukalipira kuti amafuula kwambiri kwa anzake akumbuyo. Wapepesa. Ndamukalipiranso kuti goloboyi sapepesa.

Alowa a Jafali. Pamenepo anyamata anga akumbukira ulemu. Aliyense akumenya mpira mofatsa, molunjika pamimba pawo, ngati akuwapatsira mbale. Theka la timuyi anawaphunzitsa mpira ndi iwowo, awiri ndi ana a mlongo wawo wamkulu. Ndafuula kuti menyani mwamphamvu. Kaputeni wandiyandikira n'kunong'ona: "Kochi, amenewa ndi akuluakulu. Tikawachititsa manyazi, kumudzi tikadzera pati?"

Funso limeneli ndi langa lomwe, koma kochi savomera zotere pagulu.

Ndavula wezulo kuti ndiwaonetse kamenyedwe kake. Mpira woyamba wakagwera m'munda wa chinangwa wa eni ake. Wachiwiri ndaterereka, ndagwa chagada, chiuno chakana kudzuka. Amene wandidzutsa ndi a Jafali. Akundisasa fumbi, akuti: "Thupi likakula tizilimvera, alamu."

Mawu amene ndakhala ndikuwakonzera iwo kuyambira Lolemba!

Wa ku Blantyre waonera zonsezi atakhala pampando, mapazi ali m'beseni. Wandijambula. Sindinafunse kumene wazitumiza.

Lachinayi

Ndikuyenda mopendama. Nzeru yatsopano: ngati munthu sakutsika, mukwezeni. Ndapempha a Tcheya kuti tikhale ndi kochi wa magoloboyi. Avomera, bola likhale dzina chabe.

A Jafali ndawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka magolovesi. Ndayambira patali. Ndatamanda zaka zonse zimene atitumikira. Ndati munthu wanzeru ngati iwo sayenera kumangogubuduzika m'fumbi, anyamata akusowa wowaphunzitsa. Chotsala chinali kungoti "m'malo mosewera". Mawu awiri okhawo ndachedwa nawo.

Andigwira dzanja ndi manja onse awiri, athokoza m'Chiyao. "Sikomo kwejinji, alamu. M'mawa ndiziphunzitsa, masana ndizigwira. Zonse ziwiri ndikwanitsa."

Pofika masana ayamba kale ntchito. Wophunzira wawo woyamba ndi Yusufu. Amupatsa magolovesi awo ena, amukonza kaimidwe pa mipira ya pakona, ndipo ndikulemba izi mtima ukuwawa: mnyamatayo wawonjezera ubwino.

Madzulo afika apongozi anga, amayi awo a Jafali. Ine ndi iwo sitiyang'anana maso, ndi mwambo. Akhala kuseri kwa mpanda, akucheza ndi mwana wawo mokweza kuti mawu afike pakhonde pomwe ndili. Akuti akamwini alipo amitundu iwiri, ena amakumbukira amene anawapatsa malo, ena amaiwala. Sanatchule dzina. Pochoka asiya tambala wamoyo. Wamangidwa pamzati wa khonde, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Yusufu wanditumizira uthenga pafoni. Timu ya ku Zomba imene tisewere nayo Loweruka ikumufuna, koma iye mtima wake uli kuno kunyanja, adikira mawu anga mpaka mawa. Wamaliza ndi "Zikomo bambo". Bola akanakhala wamwano.

Ndagwira njakata, ndipo zandikwana.

Lachisanu

M'mawa ndatsimikiza mtima. Yusufu. Ndine kochi wa timu ya ligi yaikulu, osati wa timu ya pachinkhoswe. Posamba ndayeserera mawu: "Alamu, mpira uli ndi nthawi yake." Kubafa akumveka bwino kwambiri.

Kumzikiti a Jafali aima pambali panga, phewa ndi phewa. Pogwada mawondo awo alira onse awiri, mzere wonse wamva. Ndati basi, potuluka ndinena mosapita m'mbali. Potuluka andigwira dzanja osalisiya, ayenda nane mpaka pamsewu. Akuti aona kuti denga langa likudontha kuchipinda kwa Shakira, ali ndi malata awiri abwino, ndikatenge mvula isanabwere. Ndati zikomo.

Kuofesi mlembi wa timu wakhala pa kompyuta, chala chili m'mwamba. A Tcheya aima pakhomo, akuti: "Kochi, dzina limodzi lokha. Tonse tili ndi kwathu kopita."

Ndaganiza za Yusufu ali m'mwamba, mpira uli m'manja. Kenako ndadziona ndili mu minibasi ya ku Balaka ndi kachikwama kamodzi, Shakira atatsala, popeza kuno mwana ndi wa kwa amayi ake.

Ndatchula a Jafali.

Zifukwa zimene ndapereka: luso la zaka zambiri, amalimbikitsa anyamata, Yusufu akadali wamng'ono. Ndimazinena ndikuyang'ana kalendala ya pakhoma. A Tcheya angoti: "Goloboyi woyamba akadzavulala, masapota mudzawafotokozera nokha." Mlembi wadina.

Yusufu ndamuuzira kuseri kwa ofesi. Sanakwiye. Wangofunsa chimene akakonze kuti chaka chamawa adzakwanire. Ndati mipira ya m'mwamba. Bodza lenileni. Wathokoza, akuti akalimbikira.

Tambala uja tadya. Sanandikomere.

Loweruka

Masewero opimana mphamvu ndi timu ya ku Zomba ija. Pagolo pawo pali Yusufu. Anamusayinitsa dzulo lomwelo kaundula asanatsekedwe. Wavala magolovesi a alamu anga.

Mmene anyamata anga ogulidwa modula achitira:

— Wa ku Lilongwe wapempha kutuluka chigawo choyamba chisanathe. Akuti akuona zinthu ziwiriziwiri.
— Wa ku Blantyre wamenya penate. Yusufu waigwira osagwa n'komwe, kenako watembenukira kwa ine n'kuwerama mwaulemu.
— Wa ku Katuli wamwetsa chigoli chokongola ndi mutu. Golo lake ndi lathu.

Zisanathe zimenezo, goloboyi wathu woyamba wawombana ndi wa ku Katuli yemweyo, chala chathyoka. Dokotala akuti tiiwale za iye kwa kanthawi. Wachiwiri ali kunyumba ndi malungo. A Tcheya atembenuka pampando wawo, andiyang'ana nthawi yaitali.

Alowa a Jafali. Masapota aimirira, akuimba za Chipupa. Talandira zigoli zina zitatu. Chomaliza chalowa iwo akudzukabe pa mpira umene unagunda mtengo wa golo.

Potuluka masapota andipekera nyimbo yatsopano, ya mkamwini. Sindiilemba muno. Choipa n'chakuti ndi yokoma, ndadzipeza ndikuing'ung'udza panjira.

Komabe ndikudzitonthoza. Alamu tsopano akufunikadi, woyamba wavulala, wachiwiri akudwala. Mwina mawondo adzazolowera. Mwina anthu adzati kochi anaona patali.

Kunyumba ndapeza moto pa mafuwa atatu. Mayi a Shakira ndi achemwali awo akukazinga nkhuku, akuwamba chambo, mtedza uli pachiwaya, mandasi adzaza beseni. Ndafunsa kuti kuli chiyani. Akuti palibe. Ndikuganiza kuti ndi phwando londithokoza, akufuna andidzidzimutse. Bola kunyumba ndawina.

Lamulungu

A Jafali apita ku Joni.

Andidzutsa m'mawa kuti ndinyamule chikwama mpaka pamsewu. Pasipoti inatuluka mwezi watha, msuweni wawo anawapezera ntchito ya m'sitolo. Zokazinga zadzulo zija ndi kamba wa panjira.

Akuchikazi onse amadziwa: apongozi, mkazi wanga, achemwali ake, ngakhale anyamata awiri aja a m'timu yanga. Kuno ulendo wa ku Joni salengeza, ansanje angautseke. Umadziwika basi itafika. Mwambowu ndimaudziwa, kungoti sindimadziwa kuti ine ndili m'gulu la obisiridwa.

Ndamufunsa mkazi wanga. Akuti: "Si kuti ndinu wansanje, bambo a Shakira. Koma ndinu obwera, ndipo mumacheza ndi anthu ambiri. Amayi amangofuna kuti achimwene achoke ali wosewera wa ligi yaikulu, osati wochotsedwa."

Pamsewu alamu andisiyira mbuzi zawo, munda wa chimanga ndi makiyi a nyumba. Akuti sakhulupirira munthu wina aliyense koma ine. Ndafunsa chifukwa chimene analimbikira chonchija sabata yonse. Akuti akanasiya okha mpira mwadzidzidzi, mudzi wonse ukanadziwa kuti pali ulendo.

Kenako atsitsa mawu kuti amayi awo asamve.

"Koma mukanandichotsa inu, sindikanadandaula. Tsiku lililonse ndimadikira kuti munena lero. Lachisanu paja ndinakugwirani dzanja mpaka pamsewu, ndimati mwina mukuchita manyazi pagulu. Mnyamata uja ndi goloboyi, alamu. Munamusiya bwanji?"

Basi yafika. Ndakweza chikwama, ndakweza katoni ya nsomba, ndabayibitsa pamodzi ndi onse.

Magoloboyi a timu yanga lero: woyamba chala chili m'pulasitala, wachiwiri akumwa mankhwala a malungo, wachitatu ali pawindo la basi akudya mandasi. Kaundula sadzatsegulidwanso mpaka pakati pa ligi. Loweruka likubwerali ndi masewero athu oyamba a ligi.

Ndabwerera kunyumba yanga, imene palibe amene amafuna kundilanda. Ndakhala pakhonde, foni ili pabondo, ndikudikira a Tcheya.