Zikomo Potiphunzitsa Kusunga Malaiti Amene Tilibe

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Kamangidwe ka Nyumba,

Ndagwada, bwana. Ine ndine Rosemary Njobvu wa ku Kanyama, mayi wosaphunzira amene kale ndinkagulitsa maaisibuloko malaiti asanatithawe. Ndati ndithokoze chifukwa cha lamulo lanu latsopano loti nyumba zizimangidwa mosawononga malaiti.

Choyamba, zikomo potitumizira ba Fabian, woyendera nyumba wanu. Anafika madzi atasefukira m'komboni monse, ndipo tinawanyamula pa wilibala kuti nsapato zawo zisanyowe. Pazaka zonse zimene takhala tikulira ngalande, aka kanali koyamba kuona munthu wa boma pakhomo pathu. Tinasangalala zedi.

Chachiwiri, ba Fabian anayang'ana kachipinda kamene ndamangira mayi anga, amene anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo anapeza kuti windo ndi laling'ono, silikulowetsa kuwala ndi mpweya wabwino. Sananame. Kungoti windolo layang'anizana ndi chimbudzi cha aneba anga ba Whyson, ndipo pakati pake sipadutsa ngakhale nkhuku. Ndikalikuza, mpweyawo udzalowadi wambiri, ndipo mayi adzakutchulani dzina tsiku ndi tsiku.

Anatinso pakufunika siling'i yotchinga kutentha kwa malata, komanso mababu osadya malaiti. Bwana, babu lathu ndi laulemu kale, silidya kanthu. Filiji nayo inamvera lamulo lanu musanalilembe n'komwe: lero timasungamo nsapato za ana.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha mtanda wofiira umene anapaka pakhoma, kusonyeza kuti chipindacho chigwetsedwe. Ndi penti yoyamba imene nyumba yanga yalawapo. Mayi, poti maso anayamba kuvuta, akuganiza kuti a tchalitchi ndiwo anabwera kudzadalitsa nyumba. Sindinawauze.

Ndinabwera ku ofesi kwanu kudzapepesa. Anandiuza kuti muli ku msonkhano wa kasungidwe ka malaiti, kunja kwa dziko. Ndinadikirabe pabenchi mpaka ndinayamba kunjenjemera, chifukwa makina oziziritsa anali kulira m'maofesi mopanda anthu, jenereta ikubangula kuseri, mababu ali ngwee dzuwa likuswa mtengo. Ndinabwerako ndi chimfine, koma ndinaphunzira zambiri.

Pempho langa ndi laling'ono, bwana. Chigalimoto chogumula nyumba chisanafike, tibwerekeniko malaiti, ngakhale masana amodzi okha. Ndiyatse babu, ndilumikize filiji, ndisitire mayi chitenje, ndiwawononge ndithu mmene ndingathere. Ndikufuna ndipalamuleko mlandu umene mwandigamulira kale.

Ine wanu wogwadabe m'matope,
Rosemary Njobvu,
Kanyama, nyumba ya mtanda wofiira.