Mmene Ndinapezera Tomato Makolo Ake

Mpaka lero ndikadutsa pa msika wa Mbare Musika n'kuona tomato, ndimayang'ana kumbali. Ndiloleni ndiulule.

Satifiketi yanga ya zamakompyuta itatopa kugona m'sutikesi, kampani ina yaing'ono inanditenga mongondiyesa. Anati ndilembe pulogalamu ya JavaScript yolandira maoda a ndiwo zamasamba. Akaikonda, ntchito ndi yanga. Akapanda kutero, ndibwerere kukachipinda kathu ka lendi ku Tafara, komwe mwana wanga Chisomo amadya ngati alipo awiri.

Ine ndinakulira m'banja losalonjera mlendo lisanamve mfunda wake. Ndiye poti mu pulogalamu zinthu zimaikidwa m'makalasi, kalasi ina n'kumabadwa kwa inzake, ndinati izi ndiye zakwathu. Ndinalenga kholo, Chomera. Chomera anabala Ndiwo, Ndiwo anabala Tomato, Tomato anabala wakupsa, wosapsa ndi wophwanyika, aliyense kalasi yakeyake (anyezi nayenso sindinam'mane zidzukulu).

Poyesera kunyumba ndi tomato wakupsa yekha, pulogalamuyo inkathamanga. Tsiku loonetsa, abwana anathiramo maoda a msika wonse. Inayamba bwino, kenaka n'kumakwawa.

"Amake Chisomo, yafa?" anafunsa abwana.

"Ikuganiza, bwana."

"Ikuganiza chiyani, malowolo?"

Mayi Phiri, mkulu wa olemba mapulogalamu, anasuzumira pa laputopu yanga n'kuusa moyo.

"Mwana wanga, muno muli kompaila ya JIT, yomwe imafulumizitsa pulogalamu ikamayenda. Ili ngati kondakitala wa kombi, timinibasi tija. Akamakwera anthu omwewomwewo, sawafunsa kotsikira. Koma pakhomo limodzi pakamadutsa mitundu yambirimbiri, amataya zomwe analoweza n'kuyamba kufunsa mmodzimmodzi kuti ndiwe yani. Iwe wam'bweretsera mudzi wonse."

"Nanga ndikanatani, mayi?"

"Kalasi imodzi, maonekedwe amodzi. Zoti wakupsa kapena wosapsazo ukanangolemba m'katimo."

Abwana anati andiimbira (mawu amenewo tonse timawadziwa). Foni ndinkapita nayo ndi kubafa komwe. Sinalire.

Mbumba yonse ija ndinaifafaniza, Chisomo ali kumsana akulira ngati wamva za maliro. Tsopano pulogalamuyo imathamanga ngati kombi yothawa apolisi, koma woionerera ndine ndekha.

Dzulo ndinayamba ina, ya ogulitsa nkhuku, yoti ndikafunsire ntchito kwina. Ndinalumbira kuti kalasi ikhala imodzi basi. Pomwe ndimadzidzimuka, n'kuti Mbalame atabala kale Nkhuku, ndipo Nkhuku ali ndi pakati.