Kadontho ka Tok Deraman

Ku Bachok kuno palibe amene anapulumuka kadontho ka Tok Deraman (kwathu kuno "Tok" ndiye kuti agogo). Wogulitsa nsomba, mwana wa sukulu, mlendo wongofunsa njira, aliyense linamukwanira tsiku loimitsidwa pakati pa msewu, kutukulidwa chibwano ngati mbuzi yomwetsedwa mankhwala, n'kulamulidwa kuyang'ana dzuwa ndi diso limodzi.

Mkuluyu ankayenda ndi silaidi imodzi m'chipewa mwawo. Kwa inu obadwira m'mafoni, silaidi ndi kachithunzi ka pafilimu, kochepa ngati bokosi la machesi, kosaoneka kanthu pokhapokha kumbuyo kwake kukhale kuwala. Yawoyi inali yotsekeredwa pakati pa timagalasi tiwiri. Ukailozetsa kudzuwa unkaona munda wa mpunga atakolola kale, m'munsi muli gulu la amuna atapenya kumwamba kukamwa kuli yasa, kenako thambo lokhalokha. Ndiye chapamwamba, kumanja, panali kadontho kakuda kosafika ndi njere ya mpiru.

"Mwaiona?"

"Chiyani, Tok?"

"Kaiti yanga! Pa mpikisano wa makaiti chaka chimenecho inakwera mpaka angelo anadandaula kuti ikuwapinga poyenda."

Wapolisi wina anawaimitsapo chifukwa cha njinga yamoto yopanda nyale. Patapita nthawi, wapolisiyo ndiye ankachonderera kuti amulole azipita. Dokotala wa maso ku tauni ya Kota Bharu atawauza kuti awerenge zilembo za pakhoma, iwo anangovula chipewa. "Tiyambe ndi maso anuwo, adokotala." Pa ukwati wina anagwira mkwati asanakhale n'komwe pampando. Mnyamatayo anayang'ana dzuwa mpaka misozi mbwembwembwe, azimayi n'kumagundana zigongono kuti mtsikanayu wapeza mwamuna wachikondi.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankagonja: Haji Semail, mnzawo wa paubwana, yemwenso anaulutsa kaiti yake, ya nsungwi ndi pepala yomangirira ku ulusi, pa mpikisano womwewo. M'mawa uliwonse awiriwa ankakumana pa tebulo limodzi m'sitolo ya tiyi ya mayi wina, Mek Som.

"Chitosi cha ntchentche chimenecho, Deraman."

"Ntchentche yake iti yokwera chonchi?"

"Ya m'nyumba mwako momwemo. Inakhuta nsomba zouma n'kukatera pafilimu."

"Nsanje, Semail. Yako si ija inakodwa m'nyanga za njati yoweta ya eni, iwe n'kuthamangitsana nayo nsalu ili m'manja?"

"Bweretsa kuno ndipukute ndi malovu, tione ngati kaiti yakoyo siichoka."

"Chala chakocho chingokhudza, ndichidula ndikaponyere amphaka."

Mek Som ankati mkangano umenewu unkagulitsa tiyi wambiri kuposa ludzu.

Zinthu zinasintha atabwera Ilyana, mdzukulu wawo wa Tok, yemwe anakhala zaka zambiri ku Ulaya. Anafika ndi sutikesi imene sanaimasule yonse, poti ankati akungodutsa. Ankayenda mothamanga ngati pali basi imene ikumusiya, ndipo tsiku loyamba anaitanitsa tiyi wopanda shuga, Mek Som mpaka kumugwira pamphumi. Pofunafuna chochita, anapeza bokosi la masilaidi m'kabati ya kusukulu yakale. Anawajambula ndi malemu mphunzitsi Nordin, omwenso anajambula ya Tok ija. Munali maukwati, kusefukira kwa madzi, mabwato, ana amene pano ndi agogo. Koma chinyezi cha kunyanja kuno sichiseka ndi filimu: nkhungu inali itayamba kudya nkhope za anthu, wina mphuno, wina mutu wonse.

"Ndisanapite ndizilowetsa zonse m'kompyuta," anatero Ilyana. "Yanunso, agogo. Kumene ndinaliko, mkangano ngati wanuwu umatha tsiku limodzi."

"N'chifukwa chake kumeneko anthu sacheza," anayankha Mek Som akutsuka makapu.

Panafunika sikana, makina owerenga filimu n'kuisandutsa chithunzi cha pakompyuta. Tok anaumirira kuti apite nawo mtauni, poti mkamwini sasankhidwa mwini mwana kulibe.

Oyamba kuwayesa anali kabokosi kotchipa kapulasitiki. Kanatulutsa chithunzi chachimbuuzi, kadontho kaja katafufuma n'kukhala ngati mwezi wongokhala kumene.

"Ona mapiko!" anakuwa Tok. "Awa ndiwo makina aulemu. Kulungani."

"Agogo, taonani anthuwo. Nkhope zonse zili ngati mbatata."

"Semail ndi mmene amaonekera kale."

Achiwiri anali aja ophwatalala, a chivindikiro, abwino pa zithunzi za papepala koma ofooka pa kanthu kakang'ono ngati silaidi. Kadontho kanatuluka ngati nyemba yonyowa. Wogulitsa, pofuna kuti malonda ayende, anayamba kuona zodabwitsa. "Ndi kaiti ndithu, bambo! Onani, mchira uwo!"

Tok anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Kaiti yanga inalibe mchira. Tiye, mdzukulu, muno muli bodza."

Achitatu anawapeza kwa Mayi Khoo, okonza makamera kuseri kwa msika. Anali makina a filimu yokhayokha, odekha, owerenga silaidi imodzi nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi kapu yonse. Mayiwo anafotokoza kuti makinawa ali ndi diso lachiwiri, kuwala kosaoneka ndi maso athuwa. Kuwalako kumadutsa bwinobwino mu utoto wa chithunzi, koma kukapeza fumbi kapena litsiro lokhala pamwamba pa filimu, kumagunda.

"Ndiye akalipeza litsirolo amatani?" anafunsa Tok.

"Amalifufuta pachithunzi."

"Osafunsa mwini wake?"

"Osafunsa."

Pamenepo makina aja anayamba kuwaipira Tok. Akuti akulira ngati udzudzu. Akuti ndi akuda ngati nkhani yoipa. Akuti chingwe chake n'chachifupi. Ilyana anangoseka n'kuwanyamula, mumtima akuti choonadi ndiye chimenechi, chokwana m'chikwama.

Masabata otsatira nyumba ya Tok inasanduka chipatala cha zithunzi. Ilyana ankapemerera fumbi, kulowetsa silaidi, kudikira, anthu ali pakhonde mpaka pamasitepe. Mayi wina anaona amayi ake ali mtsikana atakwera njinga, n'kukalipa kuti bwanji ife ankatiletsa. Koma bokosi likamachepa, Tok nawonso ankachepa. Anasiya kuimitsa anthu. Chipewa chinakhazikika pamutu ngati achikhomera.

Tsiku lina masana Ilyana anawapeza pamasitepe akupala nsungwi imene sankaifuna n'komwe.

"Mdzukulu, chimene makina akowo afufuta, amabweza?"

"Filimu yanu saikhudza, agogo. Amafufuta pakompyuta pokha."

"Koma anthu akhala ataona."

Apa m'pamene Ilyana anazindikira chimene mudzi wonse sunaganizepo: mwini wake wa kadonthoko sankadziwa ngati ndi kaiti kapena litsiro. Moyo wawo wonse anaukoleka pa kanthu kamene ankaopa kukayang'anitsitsa. Ilyana anamva manyazi ndi liwiro lake lija.

"Diso lachiwirilo limazimitsika. Ndingodina penapake, palibe angadziwe," anatero Ilyana.

"Iwe udzadziwa. Ndipo nkhope yakoyo ndi ya amayi ako, sisunga kanthu." Anataya kansungwi kaja. "Lachisanu tikatuluka kumzikiti. Umuuze Semail asambe."

Lachisanulo kwa Mek Som kunalibe poponda. Ilyana analumikiza kompyuta ku wailesi ya kanema ya pakhoma, imene nthawi zonse imaonetsa mpira. Tok anavula chipewa, n'kulowetsa okha silaidi m'makina. Makina analira kaudzudzu kawo. Munda uja unatuluka waukulu ngati zenera, amuna aja, thambo, ndi kadontho kali pamalo pake.

"Tsopano diso linalo," anatero Tok.

Ilyana anadina. Makina analiranso. Chithunzi chinabwerera, thambo lili mbee, loyera ngati mbale yotsuka. Kadontho kanali katapita.

Haji Semail, amene anasunga phwete la tsikuli kuyambira tsitsi lili lakuda, anangoweramira kapu yawo n'kumatakasa tiyi wotakasa kale. Tok anakhala pansi pang'onopang'ono, chipewa chili pamawondo, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anaona kuti ndi nkhalamba. Ilyana analakalaka akanangokhala ku Ulaya konko n'kumamwa tiyi wake wowawa.

Posowa poyang'ana, anayamba kukulitsa chithunzi, kungoti manja apeze chochita. Anafika pa mnyamata wina wowonda, wa tsitsi lambiri, atapendekekera kumbuyo ngati akukokana ndi ng'ombe. M'manja mwake munkatuluka kamzere kotuwa, kowonda ngati ulusi wa kangaude, kamene diso la munthu silikanakaona pa kafilimu kaja. Ilyana anakatsatira. Kanakwera kudutsa mitengo, kudutsa mtambo, kudutsa pamene panali kadontho paja osaima n'komwe, mpaka kukatulukira kumphepete kwa chithunzi.

"Agogo," anatero motsitsa mawu, "uyu si inu?"

Tok anadzuka. Anayandikira mpaka mphuno kugunda galasi. Anatsatira kamzereko ndi chala, chala n'kupitirira wailesi, kukwera khoma, mpaka kukaloza malata.

"Mwaona! Mwaona anthu inu! Ntchentche imeneyi yandinyoza zaka zonsezi! Ine kumauza anthu kuti kaiti ili apa, chikhalirecho inapitirira chithunzi chonse! Ndakhala ndikudzichepetsa, abale!"

Haji anadzutsa mutu, nkhope itawala ngati munthu amene wapeza chikwama chake chotayika. "Ulusi wopanda kaiti ndi ulusi basi. Unamangirira ku mtengo wa kokonati."

"Kokonati wake uti wa m'mitambo, nkhalamba yopanda manyazi iwe?"

"Amene unagwamo uli mwana, n'chifukwa chake mutu uli chonchi."

Mek Som anateleka ketulo ina.

Kuyambira pamenepo vuto la apaulendo linakula. Tok ankakuimitsa monga kale, koma tsopano ankati, "Kadonthoko kasiyeni, n'chitosi cha ntchentche, aliyense akudziwa. Yang'anani apa," n'kuloza mumpweya, mkono wathunthu pamwamba pa silaidi. Anthu ankayang'ana mpweyawo n'kuvomera kuti inakweradi.

Tok anamwalira nyengo ya mvula yamkuntho, mwakachetechete, atagona masana osadzukanso. Pofika madzulo anali ataikidwa kale.

Masiku ano msewu wa kumsika unafupika. Munthu umafika nthawi yabwino, nsomba zisanathe, n'kusowa chochita ndi nthawi yotsalayo. Makosi athu anaiwala kupenya kumwamba. Kwa Mek Som kumamveka masipuni okha. Anthu ena, pofuna kutonthoza Haji, amawauza kuti mnzanu uja ankanena zoona, iwo n'kuwayang'ana ngati awaponda chilonda. Mnyamata wina anayesa kukhala pampando wa Tok kuti awatsutse, koma atangokalipiridwa kamodzi anati, "Mwina mukulondola, a Haji." Haji anasiya tiyi wosamaliza n'kupita kwawo.

Ilyana, amene ulendo wake wobwerera unkangosunthirasunthira kutsogolo, anawapeza m'mawa wina ali okha pa tebulo lija. Anakoka mpando n'kukhala nawo. Patapita nthawi mkuluyo anayamba yekha, maso ali kunja.

"Tsiku la mpikisano lija ndinaima pambali pake. Kaiti ija palibe anaiona, mwana iwe. Inalowa kumwamba n'kusowa. Koma kumutu kwake anamangirirako kauta kolira ndi mphepo. Ndiye tonse tinangoti chete m'munda muja, kumamvera kulira kochokera pamene panalibe kanthu. Sindinamveponso zotero."

"Nanga bwanji simunawauze, a Haji?"

"Ndikanamuuza, bwenzi tikukamba za chiyani m'mawa uliwonse? Za nyamakazi?" Anasuntha kapu yawo uku ndi uku. "Makina akowo, a maso awiriwo, kulira kwa chinthu amagwira?"

"Ayi, sagwira."

"Ndiye palibe umboni," anatero Haji Semail, akupukuta m'maso ndi kansalu ka paphewa. "Ine ndikuti unali ulusi chabe."