Mkaka wa Takondwa m'Diso la Kapitawo

"Amake Takondwa, mundikhululukire, koma ndifunse ndithu. Kodi ndi zoona zoti mukuyamwitsa galu?"

Anafunsa ndi amake Rashida, anzanga oyandikana nawo nyumba, amene timayanikira limodzi usipa kuno kwa Maganga. Anafunsa motsitsa mawu, maso ali pansi, ngati akundiuza za maliro. Ine ndinayankha kuti ayi, ndipo sindinaname. Koma ayi wangayo anali ndi nkhani yaitali kumbuyo kwake.

Galuyo ndi Kapitawo. Anali wa malemu bambo anga, ndipo anabwera pakhomo pano ndili sitandade 5. Ntchito yake ndi imodzi: kugona pansi pa thandala la usipa. Khwangwala, mphaka, ngakhale munthu wa dzanja lalitali, onse amadziwa kuti pamenepo sipoyandikira. Sanabepo nsomba ngakhale imodzi (ine mwini wake ndinabapo kangapo ndili mwana, iye akundiyang'ana). Pano wakalamba, kukamwa kwachita imvi, koma ntchito sanajombepo.

Nthawi ya mwera chaka chatha, ndinaona kuti diso lake lakumanzere likungotsinzina. Linali ndi manthongo omata ngati phala, ndipo m'kati munali mouma, mosawala. Ndinati ndi mchenga. Ndinatsuka ndi madzi ofunda a mchere, mawa lake manthongo mbwee. Ndinatsukanso. Kapitawo anayamba kukanda disolo ndi phazi, mpaka pakati pake panaoneka kadontho kotuwa.

Apa ndi pamene nzeru zinandibwerera, zija zobwera munthu usanadye. Takondwa anali ndi miyezi inayi. Ali wakhanda anatuluka manthongo, amayi anga anandiuza kuti ndimufinyire mkaka wa m'mawere m'diso, ndipo patapita masiku anatha. Ndiye ndinaganiza kuti diso ndi diso basi. Mankhwala ndili nawo pachifuwa, aulere, osatha.

Tsiku loyamba ndinachita mwaulemu. Ndinakamira pa supuni m'nyumba, n'kupita nayo kuseri. Kapitawo ananunkhiza, n'kunyambita zonse. Tsiku lachiwiri ndinamugwira mutu, iye anapukusa, mkaka wonse unathera m'khutu. Supuniyo ndinaitaya ku dzala, chifukwa bambo a Takondwa akanadziwa kumene yapita, tiyi sakanamwanso pakhomo pano.

Tsiku lachitatu ndinati supuni ndi yotayitsa nthawi. Ndinagwada kuseri kwa bafa, mutu wa galu pakati pa mawondo, dzanja lina litsegule chikope, linalo ligwire bere. Ndinalondola bwinobwino, tsiii, m'diso mwenimweni. (Musaseke, si aliyense angathe.) Kapitawo anangokhala phee, ngati akudziwa kuti mwana wa abwana ake wapenga koma ndi wabwino mtima.

Ndinachita zimenezo masabata awiri, m'mawa ndi masana. Chimene ndinaiwala n'chakuti mpanda wathu wa bango unagwa mbali imodzi, mbali yake ya njira imene amayi amadutsa popita kukachapa kunyanja.

Ndiye funso lija linafika. Ndinawafotokozera amake Rashida zonse. Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Subhanallah! Ndiye wachira?"

"Akuchira pang'onopang'ono."

"Tiyeni ndimuone."

Iwo ndi Asilamu, galu sagwira, choncho anaima patali pang'ono n'kuwerama. Kuseka kuja kunatheratu. Diso linali litafiira, kadontho kaja katakula, ntchentche zili ng'waa pamenepo.

"Anzanga, uku si kuchira. Mawa mupite naye ku boma kwa a ziweto. Galu ameneyu amalondera usipa wanganso, ndipo sanandifunsepo kuti ndimapemphera kuti."

Anandibwereka dengu lawo lalikulu la nsomba. M'mawa ndinamuika Kapitawo m'dengumo, wa kabaza mmodzi ananyamula galu, wina ananyamula ine ndi Takondwa kumbuyo. Anthu m'njira ankaimika kabaza wa kutsogolo kufunsa mtengo wa nsomba, n'kuona mutu wa imvi ukusuzumira.

Ku Salima ndinapeza dokotala wa ziweto, bambo achikulire a magalasi omanga ndi ulusi. Pakhonde panali alimi asanu, ena ndi mbuzi, wina ndi nkhuku m'khwapa. Adokotala anagwada pansi pomwepo, n'kuyamba kulankhula ndi galu asanalankhule ndi ine.

"Pepani akuluakulu, tione disolo." Kenako anatembenuka. "Mayi, mwathiramo chiyani m'menemu?"

"Madzi a mchere."

"Basi?"

"Ndi mkaka."

"Wa ng'ombe?"

"Ayi."

"Wa mbuzi?"

"Ayi."

"Waufa?"

Pamenepo Takondwa, amene anali chete njira yonse, anasankha kulira ndi kufunafuna bere. Alimi onse asanu anayang'ana mwana, kenako ine. Wa nkhuku uja anatuluka panja, ndipo ndinamumva akutsokomola kwa nthawi yaitali.

Adokotala sanaseke. Mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha chimenecho. Anangofunsa kuti, "Kangati patsiku?" Nditawauza, anagwedeza mutu. "Mkaka ndi chakudya, mayi. Mumadyetsa tizilombo ta m'chilondamo ndi kuitana ntchentche. Ngakhale mwana, diso likadwala muzipita naye kuchipatala. Koma munthu amene galu amamulola kutsegula diso lopweteka masabata awiri osamuluma, ndi amene ndikumufuna pa ntchito imene ikubwerayi."

Anatenga kapepala kowonda n'kukakoleka pa chikope, kudikira pang'ono, n'kundionetsa. Kanali kouma. Anati galu akakalamba, nthawi zina kasupe wa misozi amaphwa, ndipo diso lopanda misozi limang'ambika ngati dambo la mu Okutobala. La kumanja nalonso linali litayamba kuuma, ine osadziwa. Kenako anadontheza mankhwala achikasu m'diso lodwalalo, chilonda chonse chinaoneka chobiriwira, chachikulu kuposa m'mene ndinkaganizira. Anati khungu la m'mbali mwa chilondacho likungolendewera osagwira, n'chifukwa chake sichikupola. Anadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kupukuta khungu lakufalo ndi kathonje ka pa kamtengo, pang'onopang'ono. Ine ndinagwira mutu. Kapitawo sanalire, anangotsamiritsa chibwano pa bondo langa.

Mankhwala anali awiri: odontheza ophera tizilombo, ndi mafuta a m'kachubu olowa m'malo mwa misozi, amene anati ndizipaka maso onse awiri mpaka galuyo adzafe. Ndinadandaula kuti ndiziiwala nthawi.

"Mwana amayamwa kangati usana?"

"Kosawerengeka."

"Sankhanipo kanayi. Akamaliza kuyamwa, sambani m'manja, pitani kwa galu." Ananyamula kabotolo ka mankhwala odontheza aja. "Ndi botolo, mayi."

Apo ndi pamene anamwetulira, pang'ono chabe.

Panatsala nkhani ya kukanda. Anati ndipeze chidebe cha pulasitiki, ndichotse matako ake, ndimuveke m'khosi kuti phazi lisafike kumaso. Kunyumba chidebe chinali chimodzi, chofiira, cha mphatso ya pa ukwati. Amake Rashida anabwera ndi mpeni wawo wotumbulira nsomba n'kudula okha, ine ndinakulunga m'mphepete ndi chidutswa cha chitenje kuti chisamucheke. Kapitawo anayenda chobwerera m'mbuyo, anagunda mtengo wa thandala, anagundanso chitseko. Kenako anapita pamalo pake n'kugona, chidebe chili m'khosi, ntchito n'kupitirira. Akhwangwala anatha sabata yonse osatera, kuopa chilombo chatsopano.

Chilonda cha mtundu umenewu sichithamanga. Tinabwerera ku boma katatu, ndipo ulendo wachiwiri adokotala anapukutanso chifukwa mbali ina inali isanagwire. Ine ndinangotsata lamulo: mwana ayamwe, manja asambidwe, galu adonthezedwe. Vuto lake, anthu odutsa ankaona mayi akuchotsa mwana kubere n'kulunjika kwa galu. Mbiri ija m'malo mofa inanenepa. Amake Rashida anayesetsa kunditeteza kunyanja, koma amati akafika pa supuni amayamba kuseka, nkhani osaimaliza.

Patatha miyezi iwiri mankhwala achikasu aja sanasonyezenso chobiriwira. Chilonda chinapola, koma chinasiya chipsera choyera pakati pa diso. Adokotala sanandibisire: ndikanabwera sabata yoyamba, diso limenelo likanaona. La kumanja tinalipulumutsa. Pano ndi lonyowa, lowala, ndipo Kapitawo amagona motembenukira kuti thandala likhale mbali imeneyo. Akaona kachubu amabwera yekha n'kukweza mutu.

Mwezi wathawu Takondwa anadzuka diso litafiira. Ndisaname, dzanja linapita lokha pa bulauzi. Ndinaona Kapitawo akundiyang'ana ndi diso lake limodzilo, ndinabweza dzanja n'kubereka mwana kupita kuchipatala.

Zimene zinatayika ndi izi: supuni imodzi, chidebe chimodzi cha pa ukwati, theka la chitenje, diso limodzi la galu amene sanandilakwirepo, ndi dzina langa. Kuchokera kunyanja mpaka ku chigayo, palibenso amene amanditchula amake Takondwa. Ndine amake Kapitawo.